Wopempha Sagwira Ndodo

Tsiku la 3, mwezi wa Artemision

Mphepo ya kumpoto chiyambire m'mawa. Mkate wa barele, azitona, anyezi. Uchi watha. Mkazi wanga Nikaso akufunsa kuti akunyambita mtsuko ndani, poti m'nyumba muno ana mulibe. Ndine. Ndangotuluka panja.

Mawu andithawanso lero. Ndinali kuseri kwa khola, kuyeseza gawo lomaliza, paja Mfumu Telemnos ikubwerera kunkhondo, namondwe waipeza pakati pa nyanja, iyo yakakamira nkhafi yowongolera chombo, sikulola munthu kuikhudza. Ndafika pa mafunde aakulu aja, zii. Pakamwa pakuyenda, mawu palibe. Mbuzi kundiyang'ana. Ndinakhosomola, kulavula, kumwa madzi. Anabwerera, koma osasa ngati a khwangwala.

Si koyamba. Chiyambire dzinja.

Ndipo taonani, ine Praksias mwana wa Lisagoras, ndikukanda zilembo pa mapale a mtsuko wosweka. Ine amene ndimaseka alembi kuti nyimbo imakhala m'chifuwa, osati pa dothi lowotcha. Nanga ndiuze yani? Phale silipita kuchitsime kukanena za eni.

Chikondwerero cha mulungu wathu wamkazi chili pa 17. Lamulo la kukachisi ndikungolitafuna m'mutu ngati ndalimva dzulo. Nyimbo ya Telemnos iyambe dzuwa likutuluka, ithe lisanalowe, osaduka. Woimba akatha gawo lake apereke ndodo kwa mnzake wa nyumba yomweyo, mnzakeyo atole pa mzere womwewo. Nyimbo ikaima, wansembe ayamba kuthira vinyo paguwa. Chikho chikauma woimba ali duu, yaduka. Ndodo ikagwa pansi, yadukanso. Ikaduka ndiye kuti mulungu watikana, nyumba ya Lisagoras ichoke pabwalo limenelo, osadzabwereranso. Agogo anaimbapo. Atate anaimbapo mpaka mano anatha m'kamwa.

Asuweni anga, Straton ndi Bion, ali ndi magawo oyamba. Lomaliza ndi langa, ndipo sindinaphunzitse munthu. Ndikanaphunzitsa yani? Mwana wamwamuna ndilibe. Wamkazi, Timo wanga, anakwatiwa kutsidya. Straton mutu wake ndi dengu, ukuthira madzi uku akutuluka.

Alipo mmodzi amene amalidziwa. Lero sindimutchula.

Tsiku la 5

Kwa sing'anga wa kuseri kwa msika. Anandikanula pakamwa ndi kamtengo ngati akugula kavalo. Akuti muli kachotupa. "Tafunani utomoni, vinyo musiye, ndipo mukhale chete mpaka mphesa zitapsa." Mpaka mphesa! Ndiye ndidzaimbire madengu?

Ndikutuluka anawonjezera: "Mukaumiriza, bambo, mudzanong'ona moyo wanu wonse."

Ndinamulipira, n'kuikapo kena kuti atseke pakamwa. Ndili panjira m'pamene ndinakumbukira kuti mkazi wake ndi mlongo wa Hagnon. Hagnon yemweyu, woyang'anira chikondwerero chaka chino. Mwa asing'anga onse a pa Kiyos pano, ine kusankha ameneyo!

Utomoni ukumata mano. Mantha. Ndalemba, inde, ndi mantha.

Tsiku la 6

Sanachedwe. Hagnon pakhomo dzuwa lisanafike pamutu, mafuta onunkhira patsogolo, mimba pambuyo pake, mwini wake pomalizira. "Mawu ali bwanji, mkulu wathu?" Ndinati ali ngati a khanda lobadwa kumene. Anamwetulira. Anakhalitsa, kufunsa izi ndi izo, cholinga ndiziyankhula basi. Khutu lake lili pakhosi panga ngati nkhupakupa.

Akuti kwabwera oimba a ku Teos, akugona kwa iye. "Adzangoonera." Odzaonera amayenda ndi ndodo yawo? Straton waiona, ya mutu wasiliva, yokulungidwa m'nsalu. Akudikira yathu igwe.

Pochoka, ngati wangokumbukira: "Mng'ono wanu ndinamuona nawo dzulo, akumwa limodzi. Liwu lake lija silikalamba ayi."

Chabwino, ndimutchule. Mikon.

Atate anatiphunzitsa tonse awiri pansi pa mkuyu wa pabwalowu, mzere ndi mzere, mbama pa mzere uliwonse wopotoka. Atamwalira, ndodo inabwera kwa ine, mkulu. Pa phwando lowakumbukira ndinamulola Mikon aimbe gawo lomaliza, kamodzi, mwachifundo. Wafika paja mfumu yatsala pang'ono kusiya nkhafi n'kukweza manja kwa mulungu mwini nyanja, iye n'kuika m'kamwa mwa mfumu mawu omwe m'nyimbo mulibe. "Ndatopa." Mfumu Telemnos! Ndinamuimitsa pomwepo, alendo ali tcheru. Ndinati mfumu sinena kuti ndatopa, amatero ndi onyamula matumba padoko. Iye anati ndiye apita kukaimbira iwowo. Anapitadi. Mkuyu wabala kambirimbiri chichokere iye.

Ndinakhoza. Mpaka lero ndikuti ndinakhoza. Ukalola liwu limodzi, mawa mzere, mkuja nyimbo yonse ikununkha nsomba.

Tsiku la 8

Ndayesa Straton. Dzulo ndi lero, pansi pa mkuyu, ine kunong'ona, iye kubwereza. Munthu wabwino mtima, koma milungu inam'patsa mapewa n'kuiwala zam'mutu. Wamiza chombo cha mfumu, osati kamodzi. Pomaliza anapitiriza kuimba osazindikira, mfumu ili pansi pa nyanja ikulamulabe opalasa. Bion anaseka mpaka kugwa pampando. Ine ndinagenda Straton ndi nkhuyu youma. Ndinaphonya.

Analira, bambo wandevu zake. "Asuweni, inu gawo limeneli munakula nalo. Mukufuna ine ndilimeze ngati azitona?"

Alibe mlandu. Ndawauza onse awiri kuti ndikungofuna wondithandiza pa ukalamba. Anayang'anana.

Ufa wa barele watsika mumtsuko. Mafuta a mphotho ya chikondwerero ndiwo amatidyetsa chaka chonse. Ndisaganize zimenezo.

Tsiku la 9

Nikaso akudziwa. Ankasenda anyezi, osandiyang'ana n'komwe. "Bambo a Timo, mukuyesa ndimagona ndi chitsa? Kukhosomola kwanu ndimakudziwa kuposa nyimbo yanuyo." Ndinati si kanthu, chimfine chabe. Anaika mpeni pansi. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pitani kudoko."

Ndinati ndipite ine? Kwa mwana amene ndinkamupukuta mamina? Abwere yekha, njira akuidziwa, sinasunthe.

"Ndiye khalani," anatero. "Ndodo yanuyo mudzayendera popita kukapempha ufa kwa anansi."

Wandiwiritsira masamba a kuphiri, owawa. Mkazi uyu akakhala chete nyumba imachepa.

Ndaganiza. Ndipita, koma osati ngati wopempha. Ngati mkulu wa nyumba. Ndakonza zonse m'mutu, mfundo ndi mfundo, asakapeze potulukira.

Tsiku la 11

Ndinapita. Bola ndikanathyoka mwendo panjira.

Chovala changa chabwino, chofiirira chija. Ndodo m'dzanja. Ndinamupeza pakhonde la nyumba ya vinyo, masanasana, asodzi akusoka maukonde momuzungulira, wina akutumbula nsomba. Ankaimba. Ndinaima kaye kuseri kwa mitsuko. Ndilembe zoona, poti phale silinena: liwulo ndi la atate. Lomwelo, mpaka kunjenjemera kwake kwa pansi. Chinandibaya pamtima. Ine ndatha moyo wanga kusunga mawu awo onse osataya ndi limodzi lomwe, koma liwu lawo anasiyira uyu, woimbira makoko a mkate.

Wanenepa. Imvi zayamba. Atandiona anamaliza kaye mzere wake, osafulumira. "Achimwene! Mwasochera? Kumtunda ndi uko."

Ndinamuuza mwadongosolo. Adzaima kumbuyo kwanga. Ndikagogoda ndodo adzatola. Adzaimba monga anaimbira atate, osawonjeza kanthu, za kutopa zija ayi. Dzina lolengezedwa likhala langa. Nyimbo ikatha, ndodo ibwerere m'dzanja langa tisanatsike pabwalo. Mafuta tigawana.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akuchotsa minga m'nsomba yake. "Achimwene, mwabwera kudzapempha kapena kudzabwereka bulu?" Asodzi kuseka.

Akuti a ku Teos amulonjeza gawo lomaliza chaka ndi chaka, m'dzina lake, m'mawu ake, yathu ikangoduka. Akuti sanawayankhebe.

Ndinati magazi a Lisagoras sangachite zimenezo. Iye: "Inu mumaimba za opempha chaka chilichonse, anthu n'kumalira. Amachita bwanji? Bondo pansi, dzanja lamanzere pa mawondo a mnzake, lamanja pa ndevu zake. Manja awiri atha. Nanga ndodoyo muigwira ndi mano?" Kenako, osasekanso: "Wopempha sagwira ndodo, achimwene."

Magazi anandikwera kumutu. Ndinakuwa kuti iwe galu wapadoko, woimbira mitu ya nsomba, atate akanakuona... Mawu anadukira pamenepo. Pakati pa chitukwano. Pakamwa yasa, mpweya wokhawokha, ngati nsomba zinali m'dengu zija. Doko lonse zii. Mpeni wa wotumbula uja unaima.

Mikon anayamba kudzuka, nkhope itasintha. Sindinadikire. Chitunda chonse ndinakwera osacheuka.

Tsiku la 12

Sindinatuluke. Mzinda wonse wamva. Akazi kuchitsime atangomuona Nikaso anayamba kukamba za nyengo.

Hagnon watumiza mtsuko wa uchi. Wabwino, wa kuphiri. Ndinafuna kuuswera pakhoma. Nikaso waulanda, akuti chipongwe sichiwawitsa uchi.

Ndanyambita ndithu. Manyazi akuwawa kuposa khosi.

Tsiku la 13

Chete tsiku lonse, nyimbo ikungodziimba yokha m'mutu. Ndakakamira pa malo amodzi, pomwe mfumu isiya nkhafi. Ine ndimaiimba mutu uli m'mwamba, ngati munthu wopereka mphatso kwa mulungu. Chifukwa inadziwa. Inadziwa kuti mwini nyanja alandira chombo. Ikanapanda kudziwa sikanasiya. Ndani amasiya chinthu asanaone wolandira?

Atate pamenepo ankatsitsa maso, osayang'ana anthu. Ndili mnyamata ndinawafunsa chifukwa chake. "Imba mzere, usafunse." Ndi mbama pamwamba.

Mbuzi yaikulu yasiya kutulutsa mkaka. Nayonso.

Tsiku la 14

Hagnon mwiniwake. Lero sanazungulire. Akuti ndinene kuti ndadwala, a ku Teos aimbe, ine ndikhale pampando waulemu kutsogolo, nkhata ya maluwa kumutu. "Chaka chino chokha, mkulu wathu. Palibe wochita manyazi." Chaka chino chokha! Mbuzi ukailola m'munda lero lokha, mawa imabwera ndi anzake. Ndinamulozera chipata ndi ndodo. Anati ndiye nyimbo ikakadukira pamaso pa mulungu ndisadzati sanandichenjeze, ndipo mphesa zikadzapserera chaka chino anthu adzadziwa khomo loti agende.

Zimenezo sindinaziganize. Khomo lake ndi ili. M'katimo muli Nikaso.

Madzulo china. Nikaso wabwera ndi nsomba zomwe sitinagule. Anapita kudoko. Osandiuza! Mkazi wanga kukandichonderera kwa mng'ono wanga ngati ndafa kale. Ndinamenya tebulo, poti kukuwa sindingathe. Iye anangoti mbale zisasweke.

Akuti Mikon anamulandira bwino, kum'patsa mpando, kufunsa za Timo. Koma: "Alamu, amene anandithamangitsa si inu. Mawondo anga ali pomwe ali." Akuti adzabwera pa 17. Adzakhala kutsogolo, pamodzi ndi a ku Teos.

Kudzandionera ndikugwa. Kapena ayi. Sindikumudziwanso mwanayu.

Nsombazo, mwatsoka, zinali zonona.

Tsiku la 16

Chete chichokere kudoko. Kuloza ndi chala, kugwedeza mutu, utomoni, uchi wa mdani. M'mawa uno kuseri kwa khola ndinayesa mizere ingapo. Mawu anatuluka! Oyera, odzaza, mpaka mbuzi zinadzidzimuka. Ndinaleka msanga, ndisawawononge. Ndikwanitsa ndekha. Aone onsewo, Hagnon ndi alendo ake ndi woimbira asodzi.

Ndapaka ndodo mafuta. Pali kadzenje pomwe chala chachikulu cha agogo chinayamba kudya mtengo, cha atate n'kupitiriza. Changa chimakwanamo bwinobwino.

Ndipo ndapeza nzeru. Kachingwe kachikopa, kopyapyala, kuchokera ku mutu wa ndodo kuzungulira pamkono. Dzanja likanjenjemera, siigwa. Ndipo zikavutitsitsa, mawu akandithawa, ndikayeneradi kuchita zimene akufuna mwanayo, manja onse awiri adzakhala omasuka, ndodo ili lende pamkono wanga. Mawondo agwidwa, ndevu zagwidwa, mwambo wakwana, pamaso pa mulungu sangakane. Adzaigwira iye, inde, koma ine ndili pambali pake, chingwe chili kwa ine. Lamulo silinena kanthu za chingwe. Ndalitembenuza mbali zonse.

Nikaso wandipeza ndikuyesa mfundo. Anayang'ana nthawi yaitali. "Mwamanga ndani pamenepa, ndodo kapena mwini wake?"

Mawa.

Tsiku la 19

Zilembo zikupita uku ndi uku. Chibwerere ndili chigonere. Ndilembe ndisanayambe kuzikongoletsa.

Bwalo linadzaza mpaka pamakwerero a kachisi. Dzuwa loswa mtengo. Bion anayamba bwino. Straton anapunthwa, n'kudzigwira. Dzuwa litapendeka anandipatsa ndodo, thukuta likumuyenderera, ndipo ndinakoloweka kachingwe kanga mwakachetechete, n'kukoka mfundo.

Kutsogolo Hagnon. Pambali pake a ku Teos, chokulunga chawo chili pamiyendo. Kumapeto kwa mzere Mikon, manja atapinda.

Ndinaimba. Milungu ndi mboni, sindinaimbepo chotero. Kunyamuka padoko la adani, mitambo kusonkhana, opalasa kuchonderera mfumu kuti ipumule, iyo kuwatukwana. Anthu chete, ana omwe. Ndinaona milomo ya Mikon ikuyenda pamodzi ndi yanga. Mumtima ndinati, waona? Pa mafunde aakulu ndinakweza mawu kuti amve bwino. Panalibe chifukwa chokwezera chotero.

China chake chinang'ambika kukhosi. Magazi m'kamwa. Ndinatsegula pakamwa, palibe. Ndinayesanso, palibe.

Wansembe anandiyang'ana, mayi wokalamba amene anandiona ndikukwawa. Anadikira kuposa mmene lamulo limalolera. Kenako ananyamula chikho. Kamtsinje ka vinyo paguwa, kopyapyala. Ankathira pang'onopang'ono, milungu imudalitse, koma chikho ndi chikho. Bwalo lonse kumva kuthirako. Wa ku Teos wina anayamba kumasula nsalu.

Miyendo inandinyamula yokha. Kutsika, kudutsa pamaso pa Hagnon. Bondo pafumbi, chovala chofiirira ndi zonse. Lamanzere pa mawondo a Mikon. Lamanja ndinatambasula zala, kufikira ndevu zake. Ndodo nsonga pansi, mutu wake uli lende pamkono wanga. Bwalo linausa moyo. Ndinati zatheka.

Mikon sanasunthe. Anayang'ana chingwe. Anayang'ana ine. M'maso mwake misozi, koma manja ali chipindire. Motsitsa, kuti ndimve ndekha: "Mwaimanga, achimwene."

Kumbuyo kwanga vinyo wayamba kudontha modukizadukiza.

Ndikanamuuza kuti aigwire kaye, ndimasula pambuyo. Mawu ndinalibe. Manja onse ali pa iye, ndipo wopempha akachotsa dzanja pempho latha. Chinatsala ndi chomwe ananena monyoza padoko chija. Mano. Ndinapinda khosi, kuluma mfundo, pamaso pa Kiyos yense, ngati galu pa fupa. Mfundoyo ndinaimanga bwino, kumanga ndimadziwa. Dzino linagwedera. Chikopa chinalola.

Sindinadziwe ngati aigwira. Ichi ndilembe bwino. Sindinadziwe. Ikanagwa, iye akanapata zonse zimene a ku Teos anamulonjeza, ndipo palibe akanamunena. Ndinaimva ikuchoka pamkono, ikupendekera kumbali. Ndinatsinzina.

Sinafike pansi.

Liwu la atate pamwamba pa mutu wanga, pa mzere womwewo, pomwe ndinadukira penipeni. Akuimba choncho anandigwira padzanja n'kundidzutsa, monga mwa mwambo, osataya mpweya. M'chikho munatsala konyowetsa lilime chabe. Akutero Nikaso, ine sindinaone.

Ndinakhala pamalo pake, pafupi ndi a ku Teos. Palibe anandisendezera.

Ndipo anawanena mawu aja. Ndinadziwa kuti awanena. Mfumu manja ali magazi okhaokha, nkhafi ikuigwedeza ngati chiguduli, iye anatsitsa liwu mpaka kunong'ona: "Ndatopa." M'nyimbo mulibe zimenezo. Milomo yanga inali itayamba kale kumukonza. Kumbuyo kwanga msodzi wina, chimunthu chonunkha phula, analira mokweza ngati mwana. Kenako ena. Mfumu inatambasula zala, chombo chinalowa padoko chokha, dzuwa likadali pamwamba pa phiri.

Wolengeza: nyumba ya Lisagoras ikhalabe pabwalo. Womaliza nyimbo, Mikon mwana wa Lisagoras. Dzina langa ayi. Ndodo inatsikira kudoko, asodzi atanyamula Mikon pamapewa.

Ine ndinakwera ndi Nikaso. Anandigwira pamkono, paja chingwe chinasiya mzere.

Tsiku la 22

Sing'anga wabwera, wayang'ana, wapukusa mutu. Kunong'ona basi, mwina mpaka kumanda. Ulendo uno wakana malipiro. A ku Teos anakwera chombo dzana. Hagnon akuuza aliyense kumsika kuti iye anadziwa kale kuti abale adzagwirizana.

Mtsuko wa mafuta wafika m'mawa, wathunthu, pa bulu. Pambuyo pa bulu, Mikon. Koyamba kulowa pachipata ichi chichokere. Anaima pansi pa mkuyu, kuuyang'ana, akuti wafupika.

"Ndinakuonani milomo, achimwene. Ndinalakwa pati?"

Paliponse! Mafunde anawasinthanitsa. Opalasa awiri anawapatsa dzina limodzi. Mzere wa nyenyezi anaudumpha wonse, n'kusokapo wake. Zonsezi zinali pa lilime, mundondomeko yake. Anawerama kuti amve. Ndinanong'ona kuti palibe. Anaseka, akudziwa kuti ndanama, koma anatembenukira kumbali kukapukuta m'maso.

Kenako anatambasula ndodo. Akuti kwake denga limadontha, malo ake ndi kuseri kwa chitseko chino, iye azidzangobwereka pa chikondwerero. Dzanja langa linanyamuka lokha. Kadzenje ka chala kaja kali pomwepo, kakundiyang'ana. Ndinalibweza dzanjalo, n'kulikhalira.

Ndinati pita nayo. Sanamve. Ndinamukoka ndevu, pakamwa pakhutu pake. Ndinati pita nayo, iwe, ndatopa.

Nikaso anatuluka kukaona mbuzi zomwe sizinalire.

Sanapitebe. Ali pabwalo panopa, pansi pa mkuyu, iye ndi Straton. Akumuphunzitsa gawo lomaliza, akuti lisakhalenso m'chifuwa chimodzi. Mbama palibe, akungoseka. Apotozanso mzere wa mafunde. Ndadzuka, ndakhalanso. Ndadzukanso, ndakhalanso.

Dzanja lamanja likungodzipinda lokha pabondo, kufuna chogwira. Nikaso podutsa waikamo nkhuyu youma.

Ndinafuna kugenda nayo Straton. Ndadya.